Malamulo a kukonza mafoni ku Ulaya ndi ku America: ife ogula ndi kugulitsa pa intaneti atikhudza pati?

Anaphiri (Dublin): Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yatitangwanitsa kuntchito kuno, ndipo ndikufuna amisiri ndi amalonda athu mundiuze mmene mukuionera. Ine ndimagwira mu shopu ina yogulitsa mafoni ndi matabuleti pa intaneti, mbali yolandira katundu amene makasitomala abweza. Kuyambira pa 20 Juni 2025, foni yatsopano yolowa pamsika wa EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, imayenera kukhala ndi chizindikiro chake, ndipo pa intaneti chimayenera kuoneka pafupi ndi mtengo. Chimanena maola amene batire limakhala likadzaza, mmene foniyo imapiririra ikagwa pansi, madzi ndi fumbi, komanso ngati ndi yosavuta kukonza, kuyambira A mpaka E. Kampani yopanga iyenera kusunga masipeya, monga batire, sikirini, kamera ndi polowetsa tchaja, kwa zaka 7 kuchokera pamene yasiya kugulitsa mtundu umenewo. Mmisiri akaitanitsa, sipeya imufikire pasanathe masiku 5 ogwira ntchito, kapena 10 m'zaka ziwiri zomaliza. Ma update asasiye kubwera zisanathe zaka 5. Batire likatchajidwa ka 800 likhale likadali ndi 80 peresenti ya mphamvu zake.

Pali lamulo linanso la 2024, limene dziko lililonse la mu EU liyenera kukhala litalilowetsa m'malamulo ake pofika pa 31 Julayi 2026. Kuno wogulitsa amakhala ndi mlandu pa katundu wake kwa zaka ziwiri zosachepera. Pansi pa lamuloli, kasitomala akasankha kuti amukonzere m'malo momupatsa china, walanti iwonjezeredwe miyezi 12. Walanti ikatha, kampani yopanga iyenerabe kukonza pamtengo woyenera, ndipo siyingakane chifukwa choti foniyo inayamba yatsegulidwapo ndi mmisiri wina. Funso langa ndi ili: zimenezi kwathu zifika, kapena zithera konkuno?

Mmisiri wa ku Limbe: Zikomo achemwali. Ine changa ndi chimodzi. Masipeya a zaka 7 amenewo, ine ndili pa benchi langa ku Limbe kuno ndingawaitanitse? Chifukwa ngati ayi, ndipitirizabe kugula masikirini a m'makatoni ochokera ku Dubai ndi ku Shenzhen, amene ubwino wake umaudziwa utaika kale.

Anaphiri (Dublin): Lamuloli limamanga kampani pa msika wa EU basi, achimwene. Silikuikakamiza kutumiza kanthu ku Malawi. Koma mitengo ya masipeyawo iyenera kulembedwa poyera pa webusaiti ya kampani, aliyense atha kuiona.

Mmisiri wa ku Limbe: Nako kuona mtengo kungandithandize. Kasitomala amabwera ndi foni imene mbale wake wamutumizira, ndikamuuza kuti sikirini yabwino ndi ndalama zakuti amaganiza kuti ndikumubera. Bola ndizimutsegulira tsambalo aone yekha kuti eni ake akugulitsa ma euro angati.

Bambo a Tadala (Leeds): Anaphiri, musaiwale kuti ife a ku Britain tinatuluka mu EU. Kuno lamulo lathu linayamba pa 1 Julayi 2021 ndipo limakhudza makina ochapira, otsukira mbale, mafiliji ndi ma TV. Masipeya ake akhalepo zaka 7 kapena 10. Mafoni ndi malaputopu mulibemo. Ndiye ma ex-UK amene adzaza pa ma status a WhatsApp kumudziko sachokera pansi pa lamulo lanu la EU ayi.

Nabanda (Area 25): Ine ndalandira nkhaniyi ndi mitima iwiri. Ndimagulitsa mafoni pa status ndi pa Facebook, ndilibe shopu, katundu amakhala kuchipinda kwanga, kasitomala amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ine n'kupatsa wa kabaza kapena wa basi. Amene amandipikulitsa kunjako sandipatsa walanti ngakhale ya tsiku limodzi. Katoni ikangotuluka pakhomo pake zatha. Mwa mafoni khumi umatha kupezamo imodzi batire lotupa, ina siikuwerenga simu. Zonsezo ndimameza ndine. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, phindu pa foni imodzi ndi lochepa zedi, ndalama zakunja kuzipeza kwake mukukudziwa nonse. Ine ndimapereka sabata imodzi yoyesera. Wina akadzandiuza kuti zaka ziwiri ngati kwa Anaphiri, mawa lomwe ndasiya bizinesi.

Aphunzitsi (Dedza): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwachete. Mayi Nabanda ndakumvani ndipo sindikukuweruzani. Koma taganizani za mphunzitsi wa kumudzi kuno amene wasunga miyezi inayi kuti agule foni. Pakatha sabata zitatu yazima. Wogulitsa sakuyankhanso, mwinanso wamubuloka. Munthu ameneyu apite kwa ndani? Njinga yanga yakapalasa ndinagula ana anga asanabadwe ndipo ikuyendabe, chifukwa tcheni, sipoko, mabelingi, zonse ndimazipeza pa msika uliwonse ndipo mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Foni ndi yodula kuposa njinga. N'chifukwa chiyani iyo yokha ikhale chinthu chotaya?

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Aphunzitsi mwafunsa funso lenileni: apite kwa ndani? Malamulo onsewa akuyankha limeneli. A EU anaona kuti kampani zambiri zopanga mafoni zili kunja, ndiye analemba mndandanda. Ngati wopanga sali mu EU, udindo wokonza umagwera womuimira wake wovomerezeka. Ngati palibe, umagwera amene analowetsa katunduyo. Ngati nayenso palibe, umagwera wogawa kapena wogulitsa. Kuyambira pa 13 Disembala 2024 palinso lamulo la chitetezo cha katundu lonena kuti chinthu chisagulitsidwe mu EU popanda wina wokhala konko woyankhira, ndipo dzina ndi adiresi yake zioneke pa tsamba logulitsira. Misika ikuluikulu ya pa intaneti nayo imayenera kutenga zikalata za wamalonda aliyense isanamulole kugulitsa. Apa ndi pamene malonda a pa intaneti asinthira kwambiri. Kale munthu ankatha kutsegula akaunti, kugulitsa matchaja ndi matabuleti opanda dzina, n'kuzimiririka. Tsopano akufunidwa dzina.

Anaphiri (Dublin): Pa pepala zili choncho, Chikondi, koma ntchito ikadalipo. Bungwe loyendetsa EU linanena kuti mu 2024 munalowa timaphukusi 4.6 biliyoni ta mtengo wosapitirira 150 euro, ndipo 91 peresenti tinachokera ku China. Ndani angatsegule tonseto? Mashopu okhala ndi ofesi kuno, ngati yathuyi, ndi amene amatsatira lamulo chifukwa boma limawadziwa pakhomo. Mabwana athu amadandaula kuti akupikisana ndi anthu amene alibe katundu wolemera ameneyu pamutu. Pamenepo ndimawamvetsa, ngakhale kuti pa lamulo lenilenilo ine ndili mbali ya kasitomala.

Nabanda (Area 25): Mwaona? Ngakhale kwa azungu komweko wotsatira lamulo ndi amene amapwetekeka.

Anaphiri (Dublin): Amapwetekeka pena, asisi, koma pena amadyerera. Ndikuuzeni zimene ndimaona pa tebulo langa. Foni ikabwezedwa timaitsegula m'bokosi, kuyang'ana nambala yake ya IMEI ngati ikufanana ndi ya pa lisiti, kuwunika polowetsa tchaja ndi tochi, kuona kachizindikiro ka madzi kamkati mwa polowa simu ngati kafiira. Kale zambiri zoterezi tinkangosinthira munthu ina, yakaleyo n'kuiponya m'khreti kuti ikagulitsidwe pamodzi ndi zinzake pamtengo wozizira. Tsopano tayamba kufunsa kasitomala ngati akufuna kumukonzera, ndipo shopu yapangana ndi amisiri a m'tauni momwemo. Anthu akazolowera kuti shopu yakuti imasamala ukagula, amabweranso. Komanso patsamba lathu mtengo suli wokha tsopano. Munthu amayerekeza mafoni awiri, ina B ina D pa kukonzeka, ndipo ena amalemba kufunsa kusiyana kwake. Funso limeneli zaka zitatu zapitazo sindinkalimva.

Bambo a Tadala (Leeds): Oyamba zimenezi anali a ku France. Kuyambira pa 1 Januwale 2021 anakakamiza kuti mafoni, malaputopu, ma TV, makina ochapira ndi makina otchetchera kapinga azikhala ndi malikisi a kukonzeka, pa 10, olembedwa pambali pa mtengo, m'shopu ndi pa intaneti pomwe. Chaka chomwecho Samsung inatulutsa poyera buku lokonzera Galaxy S21 m'Chifalansa, chifukwa kukhala ndi buku lotere kumakweza malikisi. Vuto lake linali loti kampani imadzichonga yokha, ndipo mabungwe a ogula kumeneko anadandaula nazo. Komabe buku limene linali lobisika linatuluka.

Mmisiri wa ku Limbe: Apo ndiye mwandigwira mtima, akulu. Buku likangotuluka pa intaneti, kaya ndi la Chifalansa kaya Chitchaina, ine zithunzi ndimaziwerenga. Buku silifuna kasitomu, silifuna dola, limangofuna bandulo.

Koma ndikuuzeni chimene chimandiwawa kwambiri. Ife kuno sitisintha bodi yonse, ija yonyamula tizipangizo tonse ta m'kati mwa foni, ayi, palibe kasitomala angakwanitse. Foni ikabwera yosatchaja ndimaitsegula, kuika mita, kutsatira njira ya moto mpaka ndipeze ka IC, kachipangizo kakang'ono ka pa bodi, kamene kapsa. Ndimapaka flux, mankhwala othandiza powotcherera, kuwotcha ndi bulowa pang'onopang'ono kuti zapafupi zisasunthe, kukanyamula ndi kapani, n'kuika kena kochokera pa bodi ya foni yakufa. Pena njira yaduka, ndimamanga jampa ndi kawaya konga tsitsi. Ntchito imeneyi imafuna mapu a bodi. Mapuwo timagula kwa anthu a pa intaneti amene nawonso anawapeza mwa njira zawo. Kodi malamulo anuwa akukakamiza kampani kutulutsa mapu a bodi, kapena akungonena za kusintha sikirini ndi batire?

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Achimwene, ambiri mwa malamulowa amaganizira zosintha chigawo chathunthu. Chitsanzo chowawa ndi cha ku New York. Lamulo lawo, Digital Fair Repair Act, linali loyamba la mtundu wake ku America pa zamagetsi. Bwanamkubwa Kathy Hochul analisaina mu Disembala 2022, koma atalisintha kumapeto. Anavomera kuti kampani itha kugulitsa zigawo zolumikiza kale m'malo mwa kachidutswa kamodzikamodzi ikanena kuti pali chiopsezo, ndipo lamulolo limakhudza zinthu zoyamba kugulitsidwa kuchokera pa 1 Julayi 2023 basi. Amisiri a mabodi kumeneko anakwiya kwambiri. La ku California, limene linayamba pa 1 Julayi 2024, ndi lolimbako: chinthu cha 50 dola mpaka 99.99 chikhale ndi masipeya, zida ndi mabuku zaka 3, cha 100 dola kupita m'mwamba zaka 7.

Mmisiri wa ku Limbe: Nanga ija yokana sipeya? Foni zina zodula ukaika sikirini ina, ngakhale orijino yochotsa pa inzake, imalemba uthenga woti siikuizindikira, pena zinthu zina n'kusiya kugwira ntchito. Kasitomala amabwerera ali lunguzi kumaso, amvekere mwandiikira feki. Iwe ukudziwa kuti waika yabwino.

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Imeneyo ndi nkhondo yaikulu. Kampani imalemba nambala ya sipeya iliyonse mu pulogalamu ya foni, ndiye ikaona nambala yachilendo imakana. Mu 2021 zinadziwika kuti iPhone 13 ikasinthidwa sikirini kwa mmisiri wamba, Face ID, yotsegulira foni ndi nkhope, imasiya kugwira. Anthu atadandaula Apple inakonza ndi update. Dera la Oregon ndi limene linayamba kuletsa mchitidwewu m'lamulo. Bwanamkubwa Tina Kotek anasaina mu Malichi 2024, ndipo likukhudza zinthu zopangidwa kuchokera pa 1 Januwale 2025. Colorado inatsatira. Lamulo la EU la 2024 nalo likuletsa kugwiritsa ntchito pulogalamu potchinga masipeya akale kapena a kampani ina, ngakhale linasiya kampata koti kampani itha kutero ikakhala ndi chifukwa chomveka. Mu 2024 momwemo Apple inalengeza kuti iyamba kulola masipeya ake enieni ochotsedwa pa foni ina.

Angozo (Joni): Pepani ndilowerereko. Ine loko ameneyo sindimuda kwenikweni. Kuno ku Joni foni amakutsomphola m'manja masanasana, ndipo ikakanika kutseguka amakaiphwasula n'kugulitsa zidutswa. Mu iOS 18, pulogalamu ya ma iPhone, Apple inaika kuti sipeya yochokera pa foni yobedwa kapena yotayika nayo izikhala pa loko wa mwini wake. Zimenezo ine ndikuti zili bwino. Kumudzinso pa depoti mafoni amasowa tsiku ndi tsiku, amathera kuti?

Mmisiri wa ku Limbe: Angozo, loko wa foni yobedwa ine ndikugwirizana naye, ndipo pa benchi langa munthu wobwera ndi foni yoti sakudziwa pasiwedi yake ndimamubweza. Koma foni ya mayi wina yagwera m'chitsime, bodi yafa, sikirini ili bwinobwino, mwini wake wandigulitsa yekha. Sikirini imeneyo iwole chifukwa chiyani? Kusiyanitsa ziwirizi n'kotheka, kampani zikafuna.

Angozo (Joni): Pamenepo tagwirizana.

Aphunzitsi (Dedza): Ndiye mukundiuza kuti kampani yokhayokhayo imasintha khalidwe ikafika kumene kuli lamulo?

Anaphiri (Dublin): Eya bambo. Ndipo apa ndi pamene ine ndikuona kuti kwathu tipindulako. Taonani za tchaja. EU inalamula kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni onse atsopano azitchajidwa ndi polowetsa tchaja pa mtundu umodzi, USB-C. Apple sinapange iPhone ya ku Ulaya yokha, inasintha iPhone 15 ya dziko lonse mu 2023. Chimene chasinthidwa m'thupi mwa foni chimafika kulikonse kumene foniyo yapita: zomangira zosavuta kumasula, guluu wosavuta kumatula, batire lolimba, pulogalamu yosakana sipeya. Chimene chimatsala kuno ndi walanti, kutumiza masipeya ndi ufulu wobweza. Izo zimayendera adiresi ya wogula.

Bambo a Tadala (Leeds): Umboni wake ndi sitolo ya masipeya ya Apple, Self Service Repair. Inatsegulidwa ku America mu Epulo 2022, kuno ndi maiko ena a ku Ulaya mu Disembala chaka chomwecho. Ndi malonda atsopano a pa intaneti: umalemba nambala ya foni, kugula batire kapena sikirini, n'kubwereka zida. Ku America zidazo amabwereketsa 49 dola pa sabata, masutikesi awiri olemera pafupifupi makilogalamu 36. Munthu wamba amagwa ulesi. Ndipo mu Africa sitoloyi sinafike.

Mmisiri wa ku Limbe: Batire lokhalo nditumizireni, masutikesiwo asiyeni komweko. Zida ndili nazo.

Bambo a Tadala (Leeds): Zingatheke kwa foni imodzi ya m'bale, koma batire kulitumiza pa ndege lili ndi malamulo ake, si phukusi wamba. Pa bizinesi sizingayende.

Nabanda (Area 25): Nonse mukukamba za iPhone ndi Samsung zodula. Makasitomala anga ambiri amagula itel, Tecno ndi Infinix. Amenewo lamulo la ku Ulaya liwakhudza?

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Atatu onsewo ndi a kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, imene imagulitsa pafupifupi theka la ma smartphone a mu Africa. Lamulo la EU limagwira mtundu wa foni umene waikidwa pa msika wa EU. Mtundu wopangira msika wa kuno okha sulimo. Mbali ina, mafoni amenewa masipeya ake amapezeka msanga komanso motchipa, ndipo kampaniyo ili ndi nthambi yakeyake yokonza, Carlcare. Vuto lalikulu pa mafoni otchipa ndi ma update, amasiya msanga.

Aphunzitsi (Dedza): Ma update amenewo ndi ofunikadi? Ine ndimangoona akudya bandulo.

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Ndi ofunika bambo. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0. Foni ili bwinobwino, sikirini yosasweka, koma kwa munthu wa kwathu foni yopanda WhatsApp yatha ntchito. Ma app a banki nawo amatero. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024. Foni zimenezi zikadzafika kwathu zili ndi zaka zitatu kapena zinayi, zidzakhala zikadali ndi moyo kutsogolo. Kwa ogula ma ex-UK ndi phindu lenileni.

Anaphiri (Dublin): Koma pali china chimene ndikuopa, awa ndi maganizo anga chabe. Kuno msika wa mafoni okonzedwanso wakula kwambiri. Back Market, kampani ya pa intaneti imene inayamba ku Paris mu 2014, imangogulitsa zoterezi, ndi walanti ya chaka. Mashopu akuluakulu nawo atsegula mbali ya zokonzedwanso. Masipeya akamapezeka mosavuta, foni yabwino ya zaka ziwiri izikonzedwa n'kugulitsidwanso konkuno kawiri katatu. Zotsikira kwathu zizikhala zimene kuno azikana, zotopa kale. Makhreti aja ndanena aja, amene amapita kwa opikula, ndi amene amathera ku Dubai.

Nabanda (Area 25): Zimenezo ndayamba kale kuziona ine. Giredi imene ankaitcha A kale si A wa lero.

Aphunzitsi (Dedza): Ndiye mapeto ake dzala ndi ife. Ndinawerenga lipoti la United Nations loti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa bwino ndi 22.3 peresenti yokha. Mu Africa sizinafike ngakhale 1 peresenti. Kuno mabatire otupa ana amaseweretsa, ena amaponya m'chimbudzi, ena pamoto.

Angozo (Joni): Tisamangoyang'ana kutsidya kwa nyanja, pafupi pompano pali chophunzira. Consumer Protection Act ya ku South Africa, lamulo loteteza ogula la 2008, gawo 56, imati chinthu chikaonongeka pasanathe miyezi 6 wogula ndi amene amasankha: kumukonzera, kumusinthira, kapena kumubwezera ndalama. Akakonza, vuto n'kubweranso pasanathe miyezi 3, ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Ukagula pa intaneti pali lamulo lina la 2002 lokupatsa masiku 7 oti ubweze popanda kupereka chifukwa. Gawo 25 limati chinthu chokonzedwanso chilembedwe kuti ndi chokonzedwanso, ndipo cholowa mdziko popanda chilolezo cha eni dzina nacho chilembedwe. Masitolo a pa intaneti, Takealot ndi Amazon imene inatsegula kuno mu Meyi 2024, zili pansi pa malamulo amenewa. Koma abale athu ambiri amagula pa kona, popanda lisiti, n'kupereka kwa transipota. Foni ikangodutsa pa Mwanza, kuibweza kuno ndalama yake ndi yogulira ina.

Bambo a Tadala (Leeds): N'chimodzimodzi kuno. Consumer Rights Act 2015 imakupatsa masiku 30 okana chinthu choonongeka ndi kulandira ndalama zako zonse, ndipo zogula pa intaneti uli ndi masiku 14 osinthira maganizo. Koma zimenezi ndi pamene wagula kwa wamalonda. Ukagula kwa munthu wamba pa eBay kapena Facebook Marketplace, chitetezo chake ndi chochepa kwambiri. Ndimawauza anzathu kuno kuti foni yotumiza kumudzi muziigula kwa wamalonda wodziwika, muigwiritse ntchito sabata ziwiri musanaitumize. Vuto likhalepo lionekere konkuno.

Nabanda (Area 25): Chabwino, nanga kwathu kuno lamulo likuti chiyani za ine? Ndikufuna ndidziwe zoona, musandinyengerere.

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Sindikunyengererani, mayi. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, ndi Competition and Fair Trading Act yatsopano imene inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024. Yatsopanoyi inapatsa CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, mphamvu zolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama. Mawu aja amalembedwa pa malisiti, oti katundu akagulidwa sabwezedwa, CFTC yakhala ikunena kuti ndi osaloledwa, chifukwa wamalonda sangadzichotsere mlandu pa katundu woonongeka. Kugulitsira pa status sikukuchotsani m'gulu la amalonda. Palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yokhudza malonda a pa intaneti. Chimene tilibe ndi lamulo lokakamiza wopanga kapena wolowetsa mafoni kuti asunge masipeya zaka zakuti. Ndiye mtolo wonse umagwera inu amene muli kumapeto, pamene amene wakupikulitsani ali phee.

Nabanda (Area 25): Ndi zimene ndikunenazo. Ine ndi wamng'ono pa onse koma ndine ndekha amene kasitomala ali ndi nambala yanga.

Aphunzitsi (Dedza): Komanso mayi, ndinu nokha amene mwalandira ndalama yake. Iye wa ku Dubai samudziwa.

Nabanda (Area 25): Zoona bambo, sindikukana.

Chikondi (wophunzira zamalamulo): Ine ndikanakhala wolemba lamulo sindikanakopera la EU lonse. Msika wathu ndi waung'ono, tikauza kampani yaikulu kuti isunge masipeya zaka 7 ku Malawi itha kungotisiya. Zimenezo zingatheke maiko a SADC kapena COMESA atalankhula pamodzi. Koma zina tingathe tokha. Foni yakale kapena yokonzedwanso izilembedwa choncho pa chithunzi chotsatsira. Wogulitsa pa intaneti azionetsa dzina ndi malo. Akuluakulu olowetsa mafoni mdziko azilowetsanso masikirini ndi mabatire ake. Ndipo boma liganizirenso msonkho wa masipeya, chifukwa sikirini ikadula kufika theka la mtengo wa foni palibe amene amakonzetsa.

Anaphiri (Dublin): Za mtengo ngakhale kuno sizinathe. Lamulo likuti mtengo woyenera, koma silinanene kuti woyenera ndi uti. Mabungwe omenyera ufulu wokonza akudandaula zomwezo, komanso kuti malaputopu sanalowe m'ndandanda. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambirimbiri abwinobwino sangalandire Windows 11. Amisiri a malaputopu konzekani, abwera ambiri kumeneko.

Mmisiri wa ku Limbe: Mayi Nabanda, ine ndili ndi ganizo. Inu mumaopa walanti chifukwa foni ikabwerera mulibe kopita nayo. Pezani mmisiri mmodzi ku Lilongwe konko amene mumamukhulupirira. Katoni ikafika, iye ayambe waunika iliyonse: batire lili pa maperesenti angati, sikirini ndi yake kapena inasinthidwa, mkati munalowapo madzi kapena ayi. Zimenezo muzilemba pa status pamodzi ndi mtengo. Pa foni iliyonse muziikako kandalama pambali. Mukatero miyezi itatu mutha kupereka osaopa, chifukwa zambiri zobwerera ndi batire ndi polowetsa tchaja, zosadula kukonza.

Nabanda (Area 25): Mtengo ukwera ndiye, anzanga azigulitsa motchipa kuposa ine.

Aphunzitsi (Dedza): Ine ndingalolere kuwonjezera, bola pa lisiti palembedwe IMEI, tsiku, ndi miyezi itatuyo. Aphunzitsi anzanga kuno ndikudziwa angatero.

Nabanda (Area 25): Miyezi itatu pa batire ndi potchajira ndingayese pa katoni ikubwerayi. Sikirini yosweka ndi madzi ayi. Achimwene a ku Limbe, kuunika foni imodzi mumatchaja zingati, ndipo bodi ikafa mkati mwa miyezi itatuyo timagawana bwanji?

Mmisiri wa ku Limbe: Za kuunika ndikutumizirani ku inbox. Za bodi n'zovuta, mayi, chifukwa ina imafa ndi tchaja ya feki imene kasitomala wagula yekha, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Ndiyambe ndafunsa anzanga a ku Lilongwe mmene amachitira, ndikuyankhani madzulo.